Chikombole cha Mayina a Midzi

Sindikumbukanso kuti ndinachoka kwathu chaka chiti. Chimene ndikudziwa n'chakuti kunali fumbi, ndipo basi imene ndinakwera inali ndi kondakitala wa dzino lothyoka. Kuyambira pamenepo, basi iliyonse imene ndakwera imakhala ndi kondakitala yemweyo. Pena amakhala wamtali, pena wamimba, koma dzino lija limakhala lothyoka ndithu, ndipo funso lake silisintha: "Mutsika pati, akulu?" Ine ndimangoti, "Ndikuuzani." Sindine munthu wa mawu ambiri. Kwathu ankati ndinabadwa nditatseka pakamwa.

Mudzi woyamba kumene ndinatsika unali wa dothi lofiira, wa anthu oumba njerwa. Ndinagwira ganyu kwa mkulu wina, a Gwedeza, amene anali ndi chikombole chimodzi cha matabwa, chakuda ndi thukuta la manja. Tsiku loyamba chikombolecho chinali ndi ena, ndiye ine ndinati ndisangokhala, ndinayamba kuumba njerwa ndi manja, imodziimodzi, n'kumaisalaza m'mbali ndi chikhatho. A Gwedeza anaima kumbuyo kwanga kwa kanthawi, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe, ukuumba njerwa kapena zigumu?"

"Njerwa, bambo."

"Taziona wekha. Iyi yaitali, iyi yonenepa, iyi ili ndi linunda. Nyumba yake adzagonamo ndani? Dzanja limatopa, mphwanga, ndipo likatopa limanama. Umakonza chikombole chimodzi chabwino, dothi n'kumangolowa ndi kutuluka. Koma uchenjere, chikombole chikapotoka njerwa zonse zapotoka."

Ndinakhala kumeneko mpaka mvula inabwera isanafike nthawi yake, n'kusungunula njerwa zimene tinali tisanawotche. A Gwedeza anaziyang'ana zikubwerera ku matope, anangopachika chikombole pa msomali. M'mawa mwake ndinakwera basi.

Ndinatsikanso m'tauni ina imene inali ndi njanji koma yopanda sitima. Kumeneko ndinasesa m'kasitolo kena kumene anthu ankabwera kudzatayipitsa makalata awo pa kompyuta. Mwini wake anaona zala zanga zazitalizi n'kunena kuti n'kulakwa kuziwonongera tsache. Anandiphunzitsa kutayipa. Ndinatayipa madandaulo a anthu, mayitanidwe a maukwati, mapulogalamu a maliro, ndipo panalibe ngakhale mmodzi amene anandiyang'ana kumaso. Onse ankayang'ana zala. Kasitoloko katatsekedwa, wina anandiuza kuti bungwe lina loona za madzi likufuna munthu wa zala zofulumira. Ndinakweranso basi.

Ofesi yake inali chipinda chimodzi cha zenera limodzi. Munali tebulo, kompyuta, ketulo, ndi kalendala ya chaka chimene chinatha kalekale. Munalinso mipando iwiri. Pa mpando wina panali mayi wachikulire, wa duku lobiriwira, akupukuta magalasi a m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Ndinu a zala aja?" anandifunsa. "Ine ndine Namilanzi. Khalani apa, achimwene. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndiye atiika awiri."

Ntchito yathu inali iyi. Anthu a kafukufuku ankapita m'midzi kukafunsa za madzi: mijigo yamoyo ndi ingati, yofa ndi ingati, amayi amayenda mtunda wotani kukatunga, ana otsegula m'mimba achuluka bwanji. Mayankho onsewo ankawathira mu kompyuta mulu umodzi. Tsono kompyuta ili ndi chilankhulo chake chowerengera ziwerengero. Umailembera malamulo m'mizere, iyo n'kumvera. Ine ndinkalemba mizere ya mudzi umodzi: tenga mayankho a mudzi wakuti, werenga mijigo yake, peza mtunda umene amayi ambiri amayenda, jambula chithunzi, sunga pansi pa dzina la mudzi wakutiwo. Ndikatha, ndinkakopera mizere yonseyo, kuimata m'munsi, n'kusintha dzina la mudzi paliponse pamene likuoneka, pamwamba, pakati ndi pansi. Kenako kukoperanso, kumata, kusintha. Abwana akalandira zithunzizo ankaona midzi imene yavutika kwambiri, n'kutumizako galimoto ya okonza mijigo.

Mayi Namilanzi ndi amene ankawerenga mayina a midzi kuchokera pa pepala. Ali mtsikana anayenda wapansi m'midzi yonseyo atanyamula mapepala a kafukufuku, mpaka mawondo anawakanira, bungwe n'kuwapatsa mpando. Choncho sankawerenga dzina lokha ayi. Dzina lililonse linkabwera ndi katundu wake.

Ankatchula mudzi, n'kuti, "Uku agalu amakuperekeza mpaka pa mlatho, n'kubwerera osauwa. Mwasintha?"

"Ndasintha."

"Ponse?"

"Ponse, mayi."

Ankawerama n'kuyandikitsa nkhope pa galasi la kompyuta, kuyang'ana pamwamba, pakati ndi pansi. "Tiyeni."

Ankatchula wina. "Uku anandipatsa nkhuku yamoyo manja onse ali ndi mapepala. Ndinayenda nayo m'khwapa tsiku lonse, ikundiyipitsira bulauzi. Mwasintha?"

"Ndasintha."

Wina: "Uku musadzakwatireko, achimwene, apongozi ake amawerenga nthuli za nyama." Wina: "Uku mjigo wake umalira ngati mwana wa mbuzi." Panali mudzi umodzi wokha umene ankautchula opanda nkhani. Ankangoti, "Uku ndi kwathu. Tiyeni."

Masana ankamasula kansalu, kutulutsa chinangwa chophika kapena mbatata, n'kunyema pakati. Ine ndinali ndi chizolowezi choiwala kudya, ndipo iwo ankakwiya nacho chizolowezicho. "Idyani, inu! Kompyuta ndiyo imadya magetsi. Mukadzagwa apa ndikunyamulani ndi mawondo ati?"

Ndinene poyera, popeza palibe wondiseka: pa dziko lonse lapansi, munthu amene ankandilankhula tsiku ndi tsiku anali yekhayo. Ndikatuluka mu ofesi pakamwa pankatsekekanso mpaka m'mawa. Loweruka ndi Lamulungu ndinkadana nawo.

Kafukufuku akatha m'dera lina, bungwe linkatisamutsira kwina. Tinayenda choncho zaka zimene sindinaziwerenge. Kulikonse ofesi inali yomweyo: zenera limodzi, ketulo, kalendala yakale, mipando iwiri. Chimene chinkasintha ndi chimene zenera likuyang'ana. M'tauni ina linkayang'ana chigayo, ndipo Mayi Namilanzi ankawerenga mokuwa, ufa uli m'nsidze. M'tauni ina linkayang'ana tchalitchi chosamalizidwa, mbuzi zikugona pa guwa. M'tauni inanso linkayang'ana khoma basi. Ine sizinkandikhudza. Malinga mpando wachiwiri uli ndi munthu, tauni iliyonse inali yabwino.

Chaka china abwana anati ndipite kumzinda waukulu ndikaphunzire zina ndi zina. Mayi Namilanzi anatsala. Mzindawo unali wa nyumba zosanjikizana, ndipo m'misewu yake anthu ankayenda ngati onse achedwa ku maliro amodzi. Wotiphunzitsa anali bambo wina wamfupi, wa liwu lalikulu, a Kanyumbu. Anauza aliyense kuti aonetse ntchito imene amagwira. Atafika pa ine anayamba kutsitsa mizere yanga pa galasi. Anatsitsa, anatsitsa, anasintha chala, anatsitsanso.

"Abale inu! Iyi ndi pulogalamu kapena msewu wa ku malire? Zonsezi munalemba ndi manja?"

"Ndimakopera, bambo, kenako n'kusintha dzina."

"Mayo ine! Ndiye mwakalamba ndi ntchito ya makina, akulu. Imvani. Mukaona kuti chinthu chomwechomwecho mwachilemba kawiri, ndipo dzanja likufuna kuchilembanso, imani. Pamenepo pafunika lupu." Anthu ena anaseka, iye n'kukweza dzanja. "Musaseke, si ya kulera ya kuchipatala ija. Taonani kuno."

Anafufuta msewu wanga wonse, n'kusiya mizere ya mudzi umodzi wokha. Paliponse pamene panali dzina la mudzi anachotsa dzinalo n'kuikapo kachilembo kamodzi. Anati kachilemboko ndi mpando wopanda munthu. Pamwamba anaika mayina a midzi yonse mondondozana, ndipo analemba lamulo limodzi lakuti: pa mudzi uliwonse mwa iyi, ukhazike pa mpandowo, uchite zili m'munsizi, ukatha uitane wotsatira, mpaka mayina athe.

"Mwaona? Mumalemba kamodzi, koma molondola. Mukalakwitsa, mwalakwitsa midzi yonse. Mukakonza, mwakonza midzi yonse. Palibenso zoiwala kusintha pakati."

"Chikombole," ndinatero ine.

"Mwati chiyani?"

"Palibe, bambo."

"Dinani apa."

Ndinadina batani. Chala ndisanachichotse n'komwe, zithunzi za midzi yonse zinali zitatuluka, ntchito imene ine ndi Mayi Namilanzi tinkayamba chimanga chikumera n'kuimaliza anthu akukolola. A Kanyumbu anandimenya paphewa, akudikira kuti ndisekerere.

"Nanga bwanji nkhope yagwa? Anzanu akaona zimenezi amavina!"

"Nanga wowerenga mayina?" ndinafunsa.

"Wowerenga mayina wa chiyaninso? Mayina mwawapatsa kale makina."

M'basi pobwerera, kondakitala wa dzino lothyoka anandifunsa kotsikira, ndipo ndinamuyang'ana nthawi yaitali ngati sindikumva Chichewa.

Ndinapeza Mayi Namilanzi atatereka kale ketulo. "Mwabwera a kumzinda! Mwaphunzirako chiyani?"

"Kuwoloka msewu, mayi."

Anaseka mpaka duku linapendekeka. Ndinakhala pa mpando wanga, iwo anatenga pepala, anatchula mudzi wa agalu operekeza aja, ndipo ine ndinakopera, ndinamata, ndinasintha. Za lupu sindinauze munthu. Abwana atafunsa, ndinati maphunziro anali abwino ndithu, iwo n'kugwedeza mutu n'kupita ku msonkhano. Tinapitiriza monga kale. Mvula inagwa n'kusiya, inagwanso n'kusiya.

Koma maso a Mayi Namilanzi anayamba kuchita ng'ala. Poyamba ankayandikitsa pepala pamphuno. Kenako ndinazindikira kuti sakuwerenganso, akutchula mayina pamtima, pepala angoligwira mwa ulemu. Akafunsa kuti "Ponse?" ankaweramirabe pa galasi monga mwa masiku onse, koma ndinkaona kuti akuyang'ana kuwala chabe.

Tinali m'tauni ina ya mphepo yotentha, kumene zenera linkayang'ana bwalo la mpira lopanda udzu. Tsiku lina anafika pa mudzi wa nkhuku uja, n'kuikamba nkhaniyo mwatsopano, kuti nkhukuyo inaikira dzira m'chikwama cha mapepala a boma. Ndinaseka mpaka misozi, ine amene sindiseka. Ndinasintha dzina pamwamba, ndinasintha pansi. Pakati, pamene kompyuta imawerenga mijigo, panatsala dzina la mudzi wapitawo, mudzi wa m'mbali mwa mtsinje umene mijigo yake yonse inali yamoyo.

"Ponse?"

"Ponse, mayi."

Anawerama, anayang'ana kuwala kuja. "Tiyeni."

Chithunzi chinatuluka chokongola: dzina la mudzi wa nkhuku, ziwerengero za mudzi wa kumtsinje. Galimoto ya okonza mijigo inadutsa pa mphambano yawo chilimwe chonse osakhota.

Kunja kutatentha kwambiri, mitengo itayoyoka masamba, kunabwera mayi wina wobereka mwana kumbuyo, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Sanaodire. Analowa, anamasula botolo pa nsonga ya chitenje n'kuliika pa tebulo, pafupi ndi kompyuta. Madzi ake anali a mtundu wa thobwa.

"Andiuza kuti ndinu amene munalemba kuti kwathu madzi alipo," anatero. "Ndabwera nawo. Imwani."

Mayi Namilanzi anafunsa mofatsa kuti achokera mudzi uti, ndipo mayiyo anatchula mudzi wa nkhuku uja. Mayi Namilanzi anapapasa pa tebulo mpaka anapeza botolo lija, analitsegula, analinunkhiza, n'kulitsekanso pang'onopang'ono.

"Mwanayo akudwala?"

"Uyu ali bwinoko. Mkulu wake tinaika mwezi watha."

Kunja ana ankamenya mpira wachikulunga, ndipo ndinkamva phokoso la mapazi awo ngati likuchokera kutali kwambiri. Mayi Namilanzi anatsika pa mpando, ndi mawondo awo ovuta aja, n'kugwada pa simenti. "Pepani, mwanawe. Kwanu anandipatsako nkhuku ine. Pepani."

Mayiyo anakonza mwana kumbuyo n'kutuluka, botolo analisiya.

Ndinathandiza Mayi Namilanzi kudzuka. Atakhala pansi anavula magalasi n'kuwaika pa tebulo, ngati chinthu chimene sadzachifunanso.

"Achimwene, lembani chija."

"Chiti, mayi?"

"Musandipusitse, ndine wamkulu ine. Maso ndiwo apita, makutu alipo. Chibwerereni kumzinda zala zanu zimaima kaye musanakopere. Mumayenda ngati munthu wodziwa njira yachidule koma akuperekeza nkhalamba. Ndinakusiyani dala, chifukwa inenso mpandowu ndimaukonda. Koma taonani botololi."

"Ndikalemba, mpando wanu auchotsa."

"Ndikudziwa."

"Ndiye ine ndizilankhula ndi ndani?"

Ndinali ndisananenepo mawu otere kwa munthu aliyense, ndipo anatuluka mokalipa, ngati a mwana wolandidwa chinthu. Iwo anatembenuzira nkhope kumene kunali liwu langa.

"Ndiye ana a eni azimwa matope kuti inu ndi ine tizicheza? Ayi, achimwene. Lembani. Ine nditereka tiyi."

Ndinalemba. Ndinasiya mizere ya mudzi umodzi, ndinaika kachilembo kaja pamwamba, pakati ndi pansi, ndinayang'ana mobwerezabwereza kuti chikombole chisapotoke. Kenako ndinawapempha kuti atchule mayina onse kuti ndiwaike pamwamba. Anawatchula mondondozana, opanda agalu, opanda nkhuku, opanda apongozi, mayina okhaokha. Sindinadziwe kuti ali ochepa chonchi akavula nkhani zawo.

"Dinani inuyo," ndinatero, n'kuwagwira chala kuchiika pa batani.

Anadina. Ketulo inali isanayambe n'kulira komwe.

"Ikuyamba?"

"Yatha, mayi."

"Yatha? Midzi yonse?"

"Yonse."

"Ha!" Anawomba m'manja kamodzi. "Zaka zonsezi! Koma makinawa alibe ulemu, eti? Kudutsa midzi ya anthu osapereka ndi moni womwe." Anaseka, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Mudzi uja uli pati?"

"Uli pamwamba penipeni pa yovutika."

"Chabwino. Kawapatseni abwana zithunzizo tiyi asanapse."

Galimoto inakhota pa mphambano ija sabata yomweyo. Patapita masiku, abwana anabwera ndi chitenje chatsopano, analankhula mawu abwino othokoza, ndipo anthu awiri ananyamula mpando wachiwiri kupita nawo ku ofesi ina. Ndinaperekeza Mayi Namilanzi ku depoti. Kondakitala wa dzino lothyoka atawafunsa kotsikira, iwo anatchula mudzi wawo nthawi yomweyo, osaganiza n'komwe. Ndinawachitira nsanje. Pa zenera la basi anandipatsa kansalu ka chinangwa, ndipo basi inanyamuka.

Kuchokera pamenepo mbiri yanga inayenda. Ankati kuli munthu wina wosalankhula amene amafupikitsa ntchito ya chaka kukhala ya m'mawa umodzi. Anandiitana ku bungwe la mbewu, ku bungwe la masukulu, ku bungwe lowerenga ng'ombe. Kulikonse ndinkapeza msewu wautali wa mizere yokopera, wodzaza ndi mayina oiwalika pakati, ndipo ndinkaufufuta n'kusiya chikombole chimodzi. Ntchitoyo inali yabwino, sindingainyoze. Midzi imene inkasowa m'zithunzi inaonekera. Koma ndikamachoka, nthawi zambiri ndinkakumana pakhomo ndi anthu awiri atanyamula mpando.

Ofesi inali yomweyo kulikonse: zenera limodzi, ketulo, kalendala yakale. Mpando umodzi. Dzuwa lisanafike pamutu ntchito inkakhala itatha, ndipo ndinkangokhala, manja pa mawondo, kumvetsera ntchentche ikugunda galasi la zenera. Kusungulumwa kumene ndinali nako kale, ndisanakumane ndi mayi aja, kunali kopepuka, chifukwa sindinkadziwa kuti pali china. Uku kunali kolemera. Masana ankadutsa osandikumbutsa, ndipo malamba anga ndinawaboola mabowo atsopano.

M'tauni ina ya nkhungu, bungwe la madzi lija linandiitananso. Kumeneko ndi kumene ndinawonjezera mzere umodzi m'kati mwa lupu, mzere umene a Kanyumbu akanauona akanandithamangitsa ndi nsapato. Ndinalamula kompyuta kuti ikafika pa mudzi uliwonse ilembe dzina lake pa galasi, iime, idikire mpaka ine nditadina batani. Ndiye ndinkawerenga dzinalo mokweza, n'kunena nkhani yake mmene ndinkaikumbukira. "Uku agalu amakuperekeza mpaka pa mlatho." Ndinkadikira pang'ono, kenako n'kudina. Mayi wina wokolopa anasuzumira pakhomo tsiku lina n'kufunsa kuti ndikulankhula ndi ndani. Ndinati ndikuyesa makina. Anandiyang'ana, anayang'ana pamalo pamene pakanakhala mpando wachiwiri, n'kukokera chidebe chake kwina.

Nkhani zina ndinali nditaziiwala. Zina ndinkazisokoneza, kupereka apongozi a mudzi uwu kwa mudzi uwo, ndipo panalibe wondidzudzula. Ndinkangodina.

Tsiku lina m'mawa, nkhungu ili pa zenera, pa galasi panatuluka dzina limene linalibe nkhani. Ndinaliwerenga mokweza. Pakamwa panga panatuluka mawu awo omwe: "Uku ndi kwathu." Kakuwala kakang'ono kankaphethira pambali pa dzinalo, kudikira chala changa. Ndinakweza chala, ndinachiyang'ana, ndinachibweza. Ndinatenga jekete pa msomali n'kutuluka, kompyuta ndinaisiya ikudikira.

"Mutsika pati, akulu?" anafunsa kondakitala.

Ndinatchula mudziwo. Anatsegula pakamwa, dzino lothyoka lija lili poyera, ngati wamva mbuzi ikulankhula. Kenako anamenya denga la basi, tinanyamuka.

Mudzi wawo unali wamba: mitengo ya mango, nkhokwe zopendekeka, mjigo pakati, atsikana akupopa madzi oyera. Ndinafunsa kwa a Namilanzi, anandilozera nyumba ya khonde lalitali. Pabwalo panali mayi wina akupeta, amene anati ndi mwana wa mng'ono wawo. Anandipatsa mpando, anandilonjera, ndipo atamva kumene ndachokera anatsitsa mawu.

"Alipo, ali kuseri akusenda mtedza. Koma maso anapita, ndipo mutu nawonso ukumapita n'kumabwera. Akapanda kukudziwani musadandaule. Ngakhale ine pena amandifunsa kuti ndine mwana wa yani."

Mayi Namilanzi anali atakhala pa mkeka, miyendo atatambasula, lichero pamiyendo. Duku linali lobiriwira lomwe lija kapena mng'ono wake. Anali atachepa thupi. Ndinagwada pambali n'kupereka moni.

"Ndili bwino, kaya inu? Ndinu ndani, bambo?"

"Ndine uja wa zala, mayi. Tinkagwira ntchito limodzi."

"Oo," anatero mwaulemu, mmene timayankhira mlendo amene sitikumudziwa. "Mwayenda bwino?" Zala zawo zinapitiriza kuswa mtedza.

Mawu anali atandithawa monga mwa masiku onse, ndipo ndinayamba kuganiza kuti ndidzuke ndikadikire basi. Koma pakamwa panga panali chinthu chimodzi chokha chimene ndinali nditazolowera kunena mokweza. Ndinatchula dzina la mudzi woyamba.

Zala zawo zinaima.

"Uku agalu amakuperekeza mpaka pa mlatho," anatero, "n'kubwerera osauwa."

Ndinatchula wachiwiri.

"Iii, uku anandipatsa nkhuku! Yamoyo, bambo, manja onse ali ndi mapepala." Anaseka, kuseka komwe kuja. Ndinatchula wina, anandichenjeza za apongozi owerenga nthuli. Ndinatchula wina, analira ngati mwana wa mbuzi kutsanzira mjigo. Midzi imene ine ndinaiiwala nkhani zake iwo ankaikumbukira yonse, mpaka mtundu wa chitseko cha nyumba imene anabisalamo mvula. Mayi wopeta uja anabwera kudzaima pangodya ya nyumba, lichero m'manja, kukamwa kuli yasa.

Pakati pa mayina anaima n'kutembenuzira nkhope kwa ine.

"Inu mumayenda m'maofesi, eti? Ndinali ndi mnzanga wina kumeneko, wa zala zitalizitali. Wosalankhula, ngati chitsa. Ankadziwa njira yachidule yogwirira ntchito, koma anaibisa kuti ine ndisachoke. Wopusa ameneyo." Anapukusa mutu, akumwetulira. "Ndimamudera nkhawa. Alibe munthu. Mukadzakumana naye mudzamuuze kuti masana azidya."

Ndinayang'ana zala zanga pa mawondo, ndinayang'ana nkhope yawo imene inkadikira yankho.

"Ndikamuuza, mayi."

"Mukamuuze ndithu." Anatapa mtedza wosenda m'lichero, anapapasa mpaka anapeza dzanja langa, n'kuthiramo. "Nanunso idyani. Tiyeni, wotsatira."

Ndinatafuna mtedzawo, ndinatchula wotsatira, ndi wotsatira, mpaka mayina anatha. Dzuwa linali likadali pamwamba pa mitengo ya mango. Iwo anapendeketsa mutu, kudikira. Kutali, m'tauni ya nkhungu, kompyuta nayonso inali ikudikira, ndipo sindinasamale.

Ndinayambiranso pa mudzi woyamba, ndipo iwo anandiuza za agalu aja.